De Havilland Tiger Moth

De Havilland DH.82 Tiger Moth ndi ndege yaing'ono ya ku Britain yokwera anthu awiri. Ili ndi injini imodzi ndi mapiko osanjikizana, ena pamwamba ena pansi, ndipo malo okhala woyendetsa ndi mnzake ndi osafolera. Inapangidwa ndi kampani ya de Havilland ndipo inauluka koyamba pa 26 October 1931. Ntchito yake yaikulu inali yophunzitsira anthu kuyendetsa ndege, makamaka asilikali a Royal Air Force ndi a mayiko ena amene anali pansi pa ulamuliro wa Britain. Ndege zoposa 8,800 za mtunduwu zinapangidwa, zambiri mwa izo pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse.

Ngakhale kuti mafakitale anasiya kuipanga nkhondoyo ikupita kumapeto, Tiger Moth ikuulukabe mpaka lero m'manja mwa anthu wamba, makalabu ndi malo osungirako zinthu zakale. Chimene chaipulumutsa ndi kapangidwe kake. Ndegeyi ndi ya matabwa, mapaipi achitsulo, mawaya ndi nsalu, moti pafupifupi chiwalo chake chilichonse chingathe kutsegulidwa, kuunikidwa ndi kupangidwanso ndi manja. Koma kapangidwe komweko kamasenzetsa mwini wake udindo waukulu, chifukwa zimene zimawononga ndege yotere, monga chinyezi, dzimbiri ndi ming'alu, zimayambira mkati mosaoneka.

Chiyambi ndi dzina

Geoffrey de Havilland, amene anayambitsa kampaniyi mu 1920, ankakonda kuphunzira za agulugufe, ndipo ndege zake zing'onozing'ono ankazitcha mayina a agulugufe ouluka usiku. Mawu akuti Moth akuchokera pamenepo. Yoyamba kutchuka inali DH.60 Moth ya mu 1925, imene inachititsa kuti anthu wamba ndi makalabu ayambe kukhala ndi ndege zawozawo. Mu 1930 Amy Johnson anauluka yekha kuchoka ku England mpaka ku Australia pa ndege ya mtundu umenewu.

Asilikali atafuna ndege yophunzitsira, anapeza vuto limodzi pa DH.60. Mpando wakutsogolo unali pansi penipeni pa mapiko apamwamba ndi thanki ya mafuta, pakati pa timizati ndi mawaya, moti munthu wovala parachuti sakanatha kutuluka msanga pa ngozi. Akatswiri a kampaniyo anasunthira kutsogolo timizati togwira mapiko apamwamba kuti wokhala pampandowo apeze potulukira. Kusunthako kunasokoneza mmene ndegeyo inkalemerera kutsogolo ndi kumbuyo, choncho anapendeketsa mapiko onse kuti nsonga zake ziloze chakumbuyo. Atatero, nsonga za mapiko apansi zinayandikira kwambiri nthaka, ndipo anazikweza pang'ono. Maonekedwe odziwika a Tiger Moth anabadwa chonchi: kukonza vuto limodzi kunkabala lina, nalonso n'kukonzedwa.

Ndege yoyamba inaulutsidwa ndi Hubert Broad pa bwalo la Stag Lane kumpoto kwa London, ndipo Royal Air Force inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1932. Mtundu umene unapangidwa wambiri ndi DH.82A, wokhala ndi injini ya Gipsy Major.

Kapangidwe

Thupi la ndegeyi ndi chimango cha mapaipi achitsulo owotcherera. Pamwamba pake pali pulayiwudi ndipo m'mbali mwake ndi mokutidwa ndi nsalu. Phiko lililonse lili ndi mitanda iwiri ya mtengo wa spruce yoyenda m'litali mwake, ndi timatabwa tambiri topingasa tokhala ngati nthiti, timene timapatsa phikolo mpangidwe wake. Zonsezi zimakutidwa ndi nsalu. Mapiko apamwamba ndi apansi amalumikizidwa ndi timizati ndi mawaya okoka mopingasana. Mawaya ena amanyamula ndege ikakhala m'mwamba, ena amanyamula mapiko ikakhala pansi.

Mtundu wa DH.82A ndi wautali mamita 7.29, ndipo kuchokera kunsonga ya phiko lina kufika kunsonga ya linzake ndi mamita 8.94. Ndege yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 506, ndipo yodzaza anthu ndi mafuta siyenera kupitirira makilogalamu 828. Liwiro lake lalikulu ndi makilomita pafupifupi 175 pa ola, koma pa ulendo imayenda pang'onopang'ono kuposa pamenepo.

Injini ya Gipsy Major ili ndi masilinda anayi ondondozana, imazizira ndi mphepo ndipo imatulutsa mphamvu ya 130 horsepower. Inaikidwa chozondoka, masilinda ali pansi. Zimenezi zimakweza pulopela kutali ndi nthaka komanso zimachepetsa zotchinga maso a woyendetsa. Thanki ya mafuta, ya malita pafupifupi 86, ili pakati pa mapiko apamwamba, ndipo mafuta amatsikira okha ku injini popanda pampu. Ndegeyi inatuluka m'fakitale yopanda batire ndi sitata. Moto wa m'mapulagi umachokera ku timakina tiwiri totchedwa magneto, timene timazungulira pamodzi ndi injini, ndipo maswitchi ake ali kunja kwa thupi la ndege kuti munthu wopukusa pulopela aziwaona ndi maso ake.

Ndege zopangidwa ku Britain zinalibenso mabuleki. Kumchira kunalibe tayala koma kachitsulo kokhwekhwereza pansi, kamene kamagwira bwino pa udzu. Mlangizi ankakhala kutsogolo, wophunzira kumbuyo, ndipo ankalankhulana kudzera m'paipi yofika m'makutu a chipewa. Munthu akamauluka yekha amakhala pampando wakumbuyo kuti ndege isalemere kwambiri kutsogolo.

Pa nthawi ya nkhondo

Nkhondo itayamba mu 1939, Britain inafunika oyendetsa ndege ochuluka mofulumira, ndipo ambiri a iwo ulendo wawo woyamba wa m'mwamba unali wa pa Tiger Moth. Fakitale ya de Havilland ku Hatfield itatanganidwa ndi ndege yankhondo ya Mosquito, ntchito yopanga Tiger Moth inapita ku kampani ya magalimoto ya Morris Motors ku Cowley, pafupi ndi Oxford, imene inapanga ndege zoposa 3,000. Zina zoposa 1,000 zinapangidwa ku Australia, ndipo zinanso ku New Zealand. Ku Canada anapanga zoposa 1,500, zambiri za mtundu wa DH.82C, umene unali ndi denga lagalasi lotchingira kuzizira, mabuleki ndi tayala lakumchira.

Alangizi ankaikonda chifukwa siichita ukali kwa wophunzira amene walakwitsa pang'ono, komabe siibisa cholakwacho. Munthu wosasamala manja ndi mapazi ake ankaonekera msanga, asanapatsidwe ndege zothamanga ndi zodula.

Maphunziro ambiri ankachitikira kunja kwa Britain, kumene kunalibe mabomba ndipo nyengo inali yabwino. Limodzi mwa mayiko amenewa linali Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe. Kumeneko gulu la Rhodesian Air Training Group linatsegula sukulu yake yoyamba mu May 1940 ku Belvedere mumzinda wa Salisbury, umene tsopano ndi Harare. Masukulu ena a maphunziro oyambirira anali ku Mount Hampden, ku Guinea Fowl pafupi ndi Gweru, ndi ku Induna pafupi ndi Bulawayo. Anyamata masauzande ochokera ku Britain, Australia, Greece ndi mayiko ena anaphunzirira kumeneko. Dera limeneli ndi lokwera: Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Pamalo otere mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha, choncho injini imachepa mphamvu ndipo mapiko sanyamula bwino. Tiger Moth inkavutika kukwera m'mwamba masana, ndipo nkhondo ili mkati inayamba kulowedwa m'malo ndi ndege ya Fairchild Cornell. Ku South Africa nakonso Tiger Moth inkagwiritsidwa ntchito m'masukulu a asilikali.

Nkhondo itatha

Pambuyo pa 1945 ndege zambiri zotsala zinagulitsidwa motchipa. Royal Air Force inapitiriza kuzigwiritsa ntchito mpaka m'ma 1950, pamene ndege ya de Havilland Canada Chipmunk inatenga malo ake. Zogulitsidwazo zinapita kumakalabu ophunzitsa kuuluka, zina zinkakoka ndege zopanda injini kuzikweza m'mwamba, zina zinkapopera mankhwala m'minda. Ku New Zealand, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anthu ankachotsa mpando wakutsogolo n'kuikapo chotengera feteleza, ndipo ndegezi zinkamwaza fetelezayo m'mapiri odyetsera nkhosa mmene thirakitala silikanatha kufika. Ntchito zoterezi zinali zowawa, ndipo ndege zambiri zinathera pomwepo. Zina zinangosiyidwa m'mashedi ndi m'nkhokwe za m'mafamu, mapiko atachotsedwa.

Patapita zaka anthu anayamba kuziona ngati chuma chofunika kusungidwa. Kalabu ya Tiger Club inakhazikitsidwa ku England mu 1957 ndi Norman Jones, ndipo de Havilland Moth Club inayamba mu 1975 kuti eni ndegezi azithandizana nzeru ndi zipangizo. Zambiri mwa ndege zimene zikuuluka lero zinamangidwanso kuchokera ku zotsala zija, zina kangapo konse.

Kukonzanso ndege yakale

Kukonzanso Tiger Moth si kupaka penti pa ndege yakale. Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuiphwasula yonse: mapiko amachotsedwa, injini imatsitsidwa, nsalu yonse imang'ambidwa mpaka chimango chitatsala poyera. Chidutswa chilichonse chimalembedwa ndi kuyerekezeredwa ndi zojambula za fakitale. Munthu wogwira ntchitoyi pa nthawi yake yopuma amatha zaka zambiri asanamalize.

Mbali yoyamba kuunikidwa ndi matabwa. Mtengo wa spruce unasankhidwa chifukwa ndi wopepuka koma wolimba, ndipo ukasungidwa pouma umakhala zaka zambiri. Mdani wake ndi madzi. Madzi akalowa m'phiko amatsikira kumbuyo kwake ndi pafupi ndi thupi la ndege, ndipo m'malo amenewo ndi mmene matabwa amayambira kuwola. Wokonza amayang'ananso mitanda ngati ili ndi timizere topingasa, timene timasonyeza kuti ulusi wa mtengo unaphwanyika, mwina nsonga ya phiko itagunda pansi zaka zambiri zapitazo. Mtanda wotere umaoneka wabwinobwino koma ungathyoke ukalemedwa. Guluu nayenso ndi nkhani. Ndege zambiri zakale zinamatidwa ndi guluu wa casein, wopangidwa kuchokera ku mkaka, amene amafooka akanyowa ndipo amachita chuku. Polumikizira pangaoneke pogwirana pamene guluu anatha kale mphamvu. N'chifukwa chake okonza ambiri amapanga nthiti zatsopano, ngakhalenso mitanda, m'malo modalira zakale.

Chimango chachitsulo chimapalidwa penti yonse kuti dzimbiri ndi ming'alu zioneke. Mapaipi amachita dzimbiri kuyambira mkati, makamaka apansi ndi akumchira, kumene madzi amadikha ndege ikaima mchira uli pansi. Paipi yodyeka imadulidwa ndipo ina imawotchereredwapo. Chimango chonse chimaikidwa pa chida choyezera kuti aone ngati sichinapotoke, pakuti ndege yophunzitsira inateretsedwa mwamphamvu kambirimbiri ndi ophunzira.

Kenako pamabwera nsalu. Poyamba ankagwiritsa ntchito nsalu ya ku Ireland ya ulusi wa fulakesi. Nsaluyo imayalidwa paphiko, n'kusokereredwa ku nthiti iliyonse ndi singano yaitali yobowola phiko kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pa msoko uliwonse pamamangidwa mfundo kuti umodzi ukaduka ina isamasuke. Pamisokopo amamatapo timalamba ta nsalu. Akatero amapaka mankhwala otchedwa dope kangapo. Mankhwalawa akamauma amakoka nsaluyo mpaka kulimba ngati chikopa cha ng'oma, ndipo amatseka timabowo take kuti mphepo ndi madzi zisadutse. Kupaka kwina kumasakanizidwa ndi ufa wa aluminiyamu wotchinga kuwala kwa dzuwa, kumene kumawoletsa nsalu. Kunsi kwa phiko amasiyako timabowo totulukira madzi. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito nsalu ya poliyesitala, imene imakokedwa poisita ndi ayironi yotentha pa mlingo woyenera. Nsalu imeneyi imakhalitsa kuposa ya fulakesi, koma ubwino womwewo uli ndi msampha wake: nsalu ikakhala zaka zambiri osang'ambidwa, matabwa ndi zitsulo za mkati zimakhalanso zaka zambiri osaonedwa bwinobwino.

Injini imaphwasulidwa ndi akatswiri ovomerezeka, ndipo chitsulo chilichonse chachikulu chimayezedwa ndi kupimidwa ngati chili ndi ming'alu. Popeza Gipsy Major inasiya kupangidwa kalekale, zipangizo zake zimachokera ku zotsala zakale kapena kwa makampani ochepa amene ali ndi chilolezo chopanga zatsopano.

Ntchito yomaliza ndi kulumikiza mapiko ndi kukoka mawaya. Apa mpamene luso la mmisiri limaonekera. Kupendekeka kwa mapiko onse anayi kumadalira kutalika ndi kulimba kwa mawaya, ndipo kukoka waya mmodzi kumasintha anzake. Ndege yokokedwa molakwika imauluka chopendekera mbali imodzi, ndipo woyendetsa amalimbana nayo ulendo wonse.

Pa zonsezi mapepala ndi ofunika mofanana ndi matabwa. Ndege iliyonse ili ndi nambala yake ya kufakitale ndi mabuku olembamo maola amene yauluka, ngozi zimene inachita ndi ntchito iliyonse imene inagwiridwapo. Pa ndege yomangidwanso kangapo, zidutswa zochokera kufakitale zingakhale zitatsala zochepa, ndipo chimene chimaichititsa kukhala ndege yomwe ija ndi nambalayo ndi mbiri yolembedwayo. Chipangizo chosadziwika kumene chinachokera sichiloledwa kuikidwa pa ndege ngakhale chikuoneka chatsopano.

Ngozi ya mu 2013

Kufunika kwa lamulo limeneli kunaoneka pa ngozi imene inachitika ku Australia. Kunsi kwa thupi la Tiger Moth kuli ndodo ziwiri zachitsulo zopingasa, zimene zimagwirizanitsa polumikizira phiko lapansi lakumanzere ndi lakumanja. Ndege ikamauluka, mphamvu yonyamula imakoka ndodo zimenezi. Chitsulo chokokedwa ndi kumasulidwa kambirimbiri chimatopa, ndipo kamng'alu kamayamba pamalo amene nati imamangidwa. Vutoli linadziwika m'zaka za m'ma 1990, ndipo panaikidwa lamulo loti ndodozi zizisinthidwa zikakwanitsa maola 2,000 m'mwamba kapena zaka 18.

Pa 16 December 2013, Tiger Moth ina yonyamula mlendo wokaona malo inali kuchita masewera otembenuka m'mwamba pafupi ndi chilumba cha South Stradbroke ku Queensland. Mapiko ake akumanzere anathyoka, ndegeyo inagwera m'nyanja, ndipo woyendetsa ndi mlendoyo anamwalira. Bungwe la Australian Transport Safety Bureau linapeza kuti ndodo zonse ziwiri zinaduka pamalo amene panali kale ming'alu, ngakhale kuti nthawi yoti zisinthidwe inali isanakwane. Ndodozo sizinali za de Havilland. Zinapangidwa ku Australia ndi chitsulo cha mtundu wina kuti zilowe m'malo mwa zakale, ndipo pozivomereza sipanayerekezeredwe kupirira kwake ndi kwa zoyambirira. Mu 2014 mabungwe oyang'anira za ndege analamula kuti ndodo za mtundu umenewo zichotsedwe pa ndege zonse.

Ngoziyi inasonyeza kuti ukalamba wokha si umene umagwetsa ndege yakale. Chimene chinalephera chinali chipangizo chatsopano, chobisika kunsi kwa thupi la ndege, chimene aliyense ankachikhulupirira.

Kukhala mwini wake

Mtengo wogulira Tiger Moth ndi chiyambi chabe. Ndege ya matabwa ndi nsalu siingagone panja pa mvula ndi dzuwa, choncho imafuna shedi youma chaka chonse. Pamafunikanso inshuwalansi, kuunikidwa chaka ndi chaka, ndi ndalama zosungira tsiku limene injini idzaphwasulidwe kapena nsalu idzasinthidwe. Injini imamwa mafuta okwana malita pafupifupi 30 pa ola, ndipo imadya ndi kudontheza oyilo wambiri poyerekeza ndi injini zamakono, moti kupukuta kunsi kwa ndege pambuyo pa ulendo ndi ntchito ya masiku onse. Chifukwa cha zimenezi anthu ambiri amagula ndege imodzi pagulu, n'kumagawana ndalama, ntchito ndi masiku ouluka.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo yake ndi imodzi: ndege siiuluka popanda chikalata chotsimikiza kuti ili bwino, ndipo ntchito yaikulu iliyonse iyenera kusainidwa ndi munthu wovomerezeka. Ku Britain, Tiger Moth ingakhale ndi chikalata chonse cha boma kapena chilolezo chapadera choyang'aniridwa ndi bungwe la Light Aircraft Association. Pa chilolezo chachiwirichi mwini wake amaloledwa kugwira yekha ntchito yambiri, woyendera wa bungwelo n'kumaunika ndi kusaina. Kampani ya de Havilland Support ya ku Duxford imasunga zojambula ndi malangizo a mtunduwu.

Wofuna kugula amalangizidwa kuyamba ndi mabuku a ndegeyo asanakopeke ndi penti: mapiko anatsegulidwa liti komaliza, anamata ndi guluu wanji, ndodo zopingasa zija zinaikidwa liti ndipo zinachokera kuti, injini yatsala ndi maola angati. Ndege yonyezimira yokhala ndi mbiri yoduka ingadye ndalama zambiri kuposa yofwifwa imene mabuku ake ndi athunthu.

Kauluke kake

Kuliza injini kumafuna anthu awiri. Matayala amatchingidwa ndi timatabwa kuti ndege isasunthe. Maswitchi ali ozimitsa, wapansi amazunguza pulopela ndi manja kangapo kuti mafuta alowe m'masilinda. Kenako awiriwo amayankhana mawu odziwika otsimikiza kuti maswitchi ayatsidwa, ndipo wapansiyo amakoka pulopela mwamphamvu uku akubwerera m'mbuyo. Pulopela amaitenga ngati yamoyo nthawi zonse, chifukwa waya wa switchi ukaduka, magneto imatha kuyatsa injini ngakhale switchi ikuoneka yozimitsa.

Poyenda pansi, mphuno ya ndege imaloza m'mwamba ndipo imatchinga kutsogolo, choncho woyendetsa amayenda mokhotakhota kuti azisuzumira uku ndi uku. Popeza palibe mabuleki, amakhota poponda chowongolera chakumchira ndi kuwonjezera moto pang'ono kuti mphepo ya pulopela ikankhe mchira. Pa udzu kachitsulo kakumchira kamagwira nthaka ndipo ndege imaima yokha, koma pa tala kamaterereka. Kukakhala mphepo yamphamvu pamafunika anthu ogwira nsonga za mapiko.

Vuto lalikulu la ndege zonse zokhala ndi mchira pansi ndi lakuti kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala aakulu. Ndege ikayamba kukhota pang'ono pothamanga pansi, kulemera kwa kumbuyoko kumafuna kupitirira kutsogolo, ndipo kukhotako kumakula kokha. Woyendetsa akachedwa kuwongola ndi mapazi, ndege imazungulira mwadzidzidzi, nsonga ya phiko n'kugunda pansi. N'chifukwa chake munthu amene anaphunzirira pa ndege zamakono zokhala ndi tayala kumphuno amafunika maphunziro owonjezera asanapatsidwe Tiger Moth. Mabwalo akale anali madambo aakulu a udzu, moti ndege inkanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo kulikonse kumene ikuchokera. Mabwalo a masiku ano ali ndi msewu umodzi kapena iwiri, ndipo mphepo yowomba cham'mbali ndi imene imatsekereza eni ndegezi pansi masiku ambiri.

M'mwamba, Tiger Moth imafuna kuti manja ndi mapazi azigwirizana. Timapiko topendeketsa ndege tili pa mapiko apansi okha ndipo timagwira ntchito mwaulesi. Woyendetsa akakankha ndodo yowongolera popanda kuponda, mphuno imathawira mbali ina ndipo mphepo imamumenya tsaya limodzi. Kutsogolo kwa mapiko apamwamba a ndege zambiri kuli timapiko tina timene timatseguka tokha liwiro likachepa kwambiri, ndipo timathandiza phiko kupitiriza kunyamula. Ndegeyi imatha kuchita masewera otembenuka, koma ikakhala chagada injini imatsamwa, chifukwa mafuta amadalira kutsika okha kuchokera m'thanki. Ikachepetsedwa moto imataya liwiro msanga, popeza timizati ndi mawaya zimakokana ndi mphepo.

Malo okhala ndi aphokoso ndi ozizira ngakhale m'nyengo yotentha. Oyendetsa amavala chipewa chachikopa, magalasi otchinga mphepo ndi zovala zokhuthala, ndipo mapu osagwiridwa bwino amapita ndi mphepo. Mafuta a m'thanki sakwana maola atatu athunthu, choncho ulendo wautali umadulidwa m'zigawo zifupizifupi.

Masiku ano

Tiger Moth zambiri zimene zikuulukabe zili ku Britain, Australia, New Zealand, Canada, United States ndi South Africa. Imodzi mwa zakale kwambiri ndi G-ACDC ya Tiger Club, yopangidwa mu 1933. Gulu la Cambridge Flying Group ku England lakhala likuphunzitsa anthu kuuluka pa ndegezi kwa zaka zambiri, ndipo Shuttleworth Collection ya ku Old Warden imaulutsa yake pa zionetsero. M'mayiko angapo muli makampani amene amanyamula alendo pa maulendo afupiafupi.

Zipangizo zambiri zikupezeka chifukwa zingathe kupangidwanso motsatira zojambula. Chimene chikuchepa ndi anthu odziwa kusankha thabwa la spruce, kusoka nsalu paphiko, kukoka mawaya ndi kukonza Gipsy Major. Amisiri amene anaphunzira ntchitoyi ndegezi zikadali pa ntchito ya usilikali anatha, ndipo makalabu a eni ndegezi amalimbikitsa achinyamata kuphunzira kwa amisiri amene alipo, pakuti ndege imene palibe woiunika ndi kuisainira siiloledwa kuchoka pansi.